Kwanu Nkuti? Kulondola Makolo M'tauni ya Kafue

Inu ana asukulu a ku Kafue, mlendo atakufunsani kuti, "Kwanu nkuti?" mungayankhe chiyani? Ambiri a inu mudzati kwanu ndi ku Kafue komweko, ndipo simudzanama. Koma akafunsanso kumene anabadwira agogo a amayi anu, kodi yankho muli nalo?

Funso limeneli ndi lolemera ku Kafue chifukwa tauniyi inakula ndi anthu obwera. Njanji yochokera ku Livingstone inawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906, pa ulalo wotalika mamita 427. Dziko litalandira ufulu, boma linamangako fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba ntchito mu 1970. Achewa, Ansenga, Abemba, Alozi ndi ena anafika kudzafuna ntchito, nakhala pamodzi ndi Atonga ndi Asoli, nakwatirana. Zidzukulu zawo ndinu. Tsono amene afuna kulondola makolo ake ayambire pati?

Ena amaganiza za kalembera. Ku Britain mayina olembedwa m'kalembera amatsegulidwa patapita zaka 100, ndipo ku America patapita zaka 72, kotero kuti munthu akhoza kupezamo agogo ake, msinkhu wawo ndi ntchito yawo. Kuno mbiri yake ndi ina. Kuyambira mu 1911 boma la atsamunda linkawerenga makamaka Azungu ndi Amwenye, koma chiwerengero cha anthu akuda linkangochiyerekeza kuchokera m'mabuku a msonkho. Kalembera woyamba wa anthu akuda onse anachitika mu 1963. Wa mu 1969 anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni, ndipo wa mu 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Komabe lamulo limasunga chinsinsi cha mayankho a munthu aliyense. Kalembera adzakuuzani kuchuluka kwa anthu a m'boma lanu, koma dzina la agogo anu simudzalipeza m'malipoti ake.

Pepala lothandiza kwambiri lingakhale m'sutikesi ya kunyumba kwanu. Chitupa cha boma, chimene timachitcha reji, chinakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1964, ndipo chimatchula mudzi, mfumu ndi boma la mwini wake. Mukadziwa zitatu zimenezi, njira yatseguka. Ku National Archives ku Lusaka kuli mabuku amene mabwanamkubwa a m'maboma ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi yawo. Mipingo nayonso inkalemba maubatizo ndi maukwati kalekale, pamene boma linali lisanayambe kulemba kubadwa kwa mwana aliyense.

Masiku ano kuli njira ina, yopima DNA. Imeneyi ndi malangizo a chibadwa amene ali m'thupi lonse, ndipo akatswiri amaiwerenga kuchokera m'malovu ochepa chabe. Chigawo chake china chimachokera kwa mayi yekha. Ana onse amachilandira, koma ochipatsira mtsogolo ndi ana aakazi okha, monga momwe mbumba imayendera pakati pa Achewa. Chigawo china, chotchedwa Y, chimachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, monga Angoni amawerengera mtundu wawo.

Njirayi yatiphunzitsa za dera lathu lomwe lino. Mu 2024 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atapima Abatwa 80 a m'madambo a Kafue ndi a ku nyanja ya Bangweulu. Anaona kuti mbali ina ya chibadwa chawo inachokera kwa alenje akale, amene ankakhala m'dziko muno alimi olankhula zinenero za Chibantu asanafike zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Palibe buku la boma limene likanatiuza zimenezi.

Koma taonani malire ake. Muli ndi makolo 2, agogo 4, ndipo makolo a agogowo ndi 8. Mukabwerera mibadwo 10, malo a makolo anu amafika 1,024, koma zigawo ziwiri zija zimalondola anthu awiri okha mwa iwo. DNA ingasonyeze kuti anthu awiri ndi apachibale, kapena kuti makolo awo akale anachokera chigawo chakuti cha Africa, koma singatchule dzina, mudzi kapena mfunda. Ingathenso kuulula zinsinsi zimene banja linakwirira, choncho wofuna kupimitsa ayambe wakambirana ndi abale ake.

Tsono mwaona kuti kalembera amawerenga anthu osatipatsa mayina, ndipo DNA imapenya kutali kwambiri kopanda mayina. Mibadwo ya pakati, imene inasiya midzi nikwera sitima kudza ku Kafue, ili m'mitu ya okalamba athu basi. Nkhalamba ikaikidwa m'manda isanafunsidwe, mayina amene inkadziwa amapita nayo limodzi.

Chifukwa chake, sabata ino tengani kope, mukakhale pansi ndi agogo kapena atsibweni anu. Afunseni mayina a amayi ndi abambo awo, mfunda wawo, mudzi, mfumu, ndi chaka chimene anafika ku Kafue. Lembani zonse monga anenera, pamodzi ndi tsiku limene mwafunsa. Inu aphunzitsi, thandizani ana kujambula mibadwo imeneyi pa bolodi, aone okha kuchuluka kwa maboma amene akumana m'kalasi limodzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Koma mwana wa m'tauni sangakumbukire khwawa limene sanauzidwe.