Kuchokera pa Mariya wa kudambwe kufika pa Anti Tiwo

Pamsika wa Lundazi, pomwe Chitumbuka ndi Chinyanja zimapikisana pakati pa milu ya salaula, chitenje amachiyesa katundu wa amayi. Koma amene adaonerapo Gule Wamkulu, kaya pamaliro kumudzi kaya pa Kulamba ku Mkaika, akudziwa kuti nsalu yomweyi imatulukanso kudambwe itamangidwa m'chiuno mwa Mariya.

Za kudambwe saulula, komabe palibe sadziwa kuti Nyau ndi ya amuna. Mariya amalowa m'bwalo ndi nkhope yosalala, duku kumutu, chifuwa chotukuka bwino, n'kumavina mwaulemu amayi akumuimbira ndi kuwomba m'manja. Dzina lakelo lidabwera ndi amishoni a Katolika, monga aja adakhazikika ku Mua mu 1902. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher adatsegula malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo zigoba za gule zosungidwa kumeneko n'zoposa 400. Pomwe UNESCO inkalemekeza guleyu mu 2005, maso athu anali atazolowera kalekale kuona ukazi ukuvalidwa pabwalo.

Tisasokoneze zinthu. Ng'oma zikaleka, Mariya amabwerera komwe adachokera. Mlandu umayamba munthu akanena kuti iye chitenjecho savula.

A Tiwonge Chimbalanga a ku Thyolo, omwe anzawo amawatchula kuti Anti Tiwo, ankagwira ntchito pa Mankhoma Lodge ku Blantyre, akuvala ndi kukhala ngati mayi aliyense. Mu Disembala 2009 adachita chinkhoswe ndi a Steven Monjeza, ndipo apolisi adawamanga patangopita masiku awiri. Apa chipatala chidalowa m'nkhaniyi molakwika: adatengeredwa ku chipatala cha Gulupu kukapimidwa thupi, osati chifukwa chodwala, koma kuti boma lipeze umboni. Ine zimandiwawa kuti malo amene timathamangirako tikamva kupweteka adasanduka khonde la khoti. Pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa adawagamula zaka 14, koma pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations panthawiyo, Ban Ki-moon. Nyuzi za kuno ndi kunja zidalemba za "amuna awiri", chonsecho Anti Tiwo ankanena kuti iwo ndi mkazi.

Pambuyo pake Anti Tiwo adathawira ku Cape Town, mothandizidwa ndi bungwe la Gender DynamiX. Ku South Africa lamulo la mu 2003 limalola munthu kusinthitsa zomwe zidalembedwa pachitupa chake, ndipo chipatala cha Groote Schuur, chija chidatchuka mu 1967 poika mtima wa munthu mwa mnzake, chili ndi kiliniki yopereka mahomoni ndi opaleshoni kwa anthu otere. Mzere wa opaleshoniyo ndi wa zaka zambirimbiri, motero ambiri amakula ndi thupi lomwe ali nalo, akudikira.

Kumeneko n'komwe luso lidayamba kuwafunsa eni thupi. Mark Gevisser adakhala pansi ndi Anti Tiwo n'kulemba moyo wawo m'buku la The Pink Line la mu 2020. Zanele Muholi wa ku Umlazi wakhala akujambula anthu kuyambira mu 2006 mu Faces and Phases, kenako akazi obadwa ndi thupi lachimuna mu Brave Beauties. Sawajambula atagona pabedi la dokotala, koma ataimirira, ena atavala malamba a mpikisano wa chiphadzuwa, maso ali tong'o pa kamera. Zithunzizi zidafika mpaka ku Tate Modern ku London mu 2020.

Kwathu ku Malawi nkhani zotere zikadali m'mafayilo a milandu. A Jana Gonani adagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021, ndipo pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre lidakana kufafaniza malamulo omwe adawamangira.