Cipatala Cakale Cimene Cinasanduka Sukulu

Abale atsogoleri a makalasi, nkhani ya ulendo uno ikucokera kutali, ku Edinburgh, likulu la dziko la Scotland. Musadabwe ai, mzinda umenewo ndi Tete wathuyu anadziwana kale. Mu 1858, pamene David Livingstone anabweranso kuno pa Zambezi, anali ndi dokotala wacinyamata, John Kirk, amene anaphunzira pa yunivesite ya Edinburgh. Nawonso a Kamuzu Banda a ku Malawi analandira mapepala awo a udokotala mu mzinda womwewo mu 1941.

Cipatala cacikulu ca kumeneko, Royal Infirmary, cinayamba mu 1729 m'kanyumba kakang'ono. Patapita zaka zambiri anamanga cina pa Lauriston Place. Anajambula mapulani ake ndi David Bryce, ndipo cinatsegulidwa mu 1879. Zipinda za odwala zinali zazitali, za mazenera uku ndi uku, motsata malangizo a Florence Nightingale akuti mpweya wabwino ndi kuwala zimathandiza wodwala kucira. Pakhomo analembapo mau awiri a Cilatini, Patet Omnibus, ndiye kuti ncotsegukira onse. Mpaka 1948 cipatalaci cinkayenda ndi zopereka za anthu.

Tsono mu 2003 cipatala cinasamukira ku malo atsopano ochedwa Little France, ndipo nyumba yaikulu ya odwala a opareshoni inatsekedwa. Ife a kuno ku Nhartanda sitisowa wotiuza zimene zimacitikira nyumba yopanda munthu. Tinaziona nkhondo itatha mu 1992: lata limodzi likasasuka mvula imalowa, ciswe cimatsatira, kenaka mileme nkukhala eni nyumba. Ku Scotland si ciswe cimene cinaononga, koma cinyezi, cimene cinabweretsa nkhungu yoolesa matabwa. Nyumbayo inakhala conco zaka zoposa 10.

Mu 2015 yunivesite ya Edinburgh inaigula. Mkulu wa yunivesite nthawiyo anali Timothy O'Shea. Apa ndi pamene ife taimapo kwambiri. Kukonza nyumba yakale nkovuta kuposa kumanga yatsopano, cifukwa ukatsegula khoma limodzi umapeza vuto limene sunaliwerengere. Komanso paja mtsogoleri amakonda nyumba imene adzati ndinamanga ndine. O'Shea anacoka pa mpando mu 2018 nchito isanafike patali. Amene analowa m'malo mwake, Peter Mathieson, sanaiike pambali kuti ayambe yakeyake. Anaipitiriza, ngakhale mliri wa Covid wa mu 2020 unaicedwetsa.

Nanga ndalama? Mu 2017 munthu wina amene sanafune kuchulidwa dzina analonjeza mapaundi 10 miliyoni. Boma la Britain ndi la Scotland anaikapo gawo lawo kudzera m'pangano lotukula mzindawo la mu 2018, yunivesitenso inaonjeza zake. Tikudziwa kuti wina anena kuti izi nza maiko olemera. Nzoona. Koma onani mmene zinatsatirana: opereka anabwera yunivesite itagula kale nyumbayo ndi kunena poyera cimene idzacitiremo.

Akatswiri a Bennetts Associates anasunga miyala yakale ndi nsanja ya koloko, ndipo zipinda za odwala zija anazisandutsa makalasi ndi malo ogwiriramo nchito. Nyumbayo inatsegulidwanso mu June 2024 ndi dzina loti Edinburgh Futures Institute. Mau a pakhomo aja sanawafafanize. Mu August caka comweco, cikondwerero ca mabuku ca mzindawo cinacitikira pamenepo: ana ndi akulu kumvetsera olemba mabuku pamalo pamene makolo awo ankagonekedwa.

Kuno nakonso yunivesite ya Zambeze, imene inayamba kuphunzitsa mu 2009, inaika gawo lake la zaumoyo mu Tete momwemuno. Nyumba zakale tili nazo, kuyambira linga la São Tiago Maior mpaka mishoni ya Boroma. Cimene cikutipelewera ndi mbiri yolembedwa m'cinenero cathu ya nyumba zing'onozing'ono zimene anthu ankalandiriramo mankhwala. Conco m'kalasi la sabata ino funsani agogo: kodi m'nthawi ya Apwitikizi wodwala ankapita naye kuti? Nyumbayo ikalipo? Mukukhala yani lero? Ophunzira alembe okha maina a malowo m'makope mwawo, inu mungowathandiza kalembedwe.