Sewero Limene Eni Ake Adalifufuta, Alendo Nalisunga

Madzulo a pa 23 Novembala 1963, litangopita tsiku limodzi chiphedwere John Kennedy, mtsogoleri wa dziko la America, mitima ya anthu a maiko onse ili pa maliro amenewo, nyumba youlutsa mawu ndi zithunzi ya BBC ku London idaonetsa gawo loyamba la sewero lotchedwa Doctor Who, nthano ya mkulu wina wosadziwika kwawo, woyenda m'chombo chimene kunja kwake chidaoneka ngati kanyumba ka lamya ka apolisi pamene m'kati mwake mudali motakasuka modabwitsa, chombo chotha kubwerera ku zaka zamakedzana, kulumphira ku zaka zam'tsogolo, ndi kukatera pa maiko akutali a mumlengalenga. Woyamba kusewera mkuluyo adali William Hartnell, ndipo kapitawo wa ntchito yonse adali Verity Lambert, mayi wa zaka 27 zokha. Ana a ku Britain adalikonda seweroli uku akuliopa, makamaka zitatulukira zilombo zokhala m'zitsulo zotchedwa Dalek. Koma mwa onse amene adali kulikonza sabata ndi sabata, padalibe ndi mmodzi yemwe woganiza kuti adzukulu a ana aja adzafuna kulionanso m'nyumba zawo, pa nthawi yodzisankhira okha.

Tisafulumire kuwaweruza anthu a masiku amenewo, pakuti zifukwa adali nazo, chingakhale chimene adachita chidali chitayiko chachikulu. Sewero lidali kujambulidwa pa tepi yaikulu ya mainchesi awiri m'lifupi mwake, yokulungidwa pa gudumu lolemera, ndipo mtengo wa tepi imodzi udali wokwera kotero kuti kuisiya pashelefu ili ndi sewero loonetsedwa kale kudayesedwa kuononga chuma. Tsono adali kuifufuta ndi maginito, najambulapo china. Kuonjeza apo, pangano la BBC ndi Equity, bungwe la anthu ochita masewero, lidaika malire pa kubwereza: pakapita kanthawi, kuonetsanso sewero kudafuna chilolezo ndi malipiro atsopano, poti ochita masewerowo adaopa kuti zakale zikamabwerezedwa iwo adzasowa ntchito. Ndipo pamene BBC1 idayamba kuulutsa zithunzi zautoto mu Novembala 1969, zonse zakuda ndi zoyera zidasanduka katundu wopanda omufuna. Choipa koposa zonsezi chidali chakuti m'nyumba yaikulu ija mudalibe munthu wosenzedwa udindo wosunga: osunga mafilimu adati matepi si awo, a matepi adayesa kuti ogulitsa kunja ali nazo, ogulitsa kunja nawonso nayesa kuti osunga mafilimu asunga. Motero kuyambira mu 1967 matepi adafufutidwa imodzi ndi imodzi, kufikira mu 1974 pamene sipadatsale ngakhale imodzi ya zaka za Hartnell ndi za Patrick Troughton, amene adalowa m'malo mwake mu 1966.

Chidapulumutsa seweroli ndi malonda. Maiko ambiri amene adali kungoyamba kumene wailesi ya kanema adalibe makina owerengera matepi a Angerezi, pamene filimu ya 16mm aliyense adali kutha kuionetsa. Chifukwa chake a BBC Enterprises, nthambi yogulitsa kunja, adali kuimika kamera ya filimu patsogolo pa galasi la kanema sewero lili kuyenda, najambula chithunzi cha chithunzi, nachitsekera m'zitini zozungulira ndi kuchitumiza kutsidya kwa nyanja. Zitinizo zidafika ku Australia ndi New Zealand, ku Singapore ndi Hong Kong, ku Nigeria, Ghana, Sierra Leone, Kenya ndi Uganda, ngakhalenso kwa anansi athu a ku Zambia ndi Rhodesia. Kuno ku Malawi sizidafike, pakuti wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Pofuna kuchepetsa ndalama, sadali kutsukira wogula aliyense filimu yakeyake, koma nyumba ina ikatha kuonetsa idali kupatsira inzake ya dziko lina, ndipo yomaliza pamzere idalamulidwa kubweza ku London kapena kuononga. Ena adamvera, ena adaiwala, naunjika zitini m'chipinda, natseka chitseko, ndipo pamene ogulitsa a ku London adayamba kutaya mafilimu awo mu 1972 poona kuti ogula atha, zipinda zoiwalika za anthu akutali zija ndizo zidakhala nkhokwe ya mbewu.

Kutaya kudalekeka mu 1978, pamene BBC idapatsa Sue Malden ntchito yosankha ndi kusunga zakale, ndipo chaka chomwecho wokonda seweroli wina, Ian Levine, adapeza zitini za nthano yoyamba ya a Dalek zitakonzedwa kale kuti zikatayidwe, nazilanditsa. Powerenga zotsala kudapezeka kuti mwa zigawo 253 zoulutsidwa pakati pa 1963 ndi 1969, zoposa 130 kudalibe. Pamenepo padayamba kufunafuna kumene sikudathe mpaka lero, ndipo mawu a akuluakulu akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa adakwaniritsidwa kangapo konse. Mu 1983 zigawo ziwiri za The Daleks' Master Plan zidapezeka m'chipinda chapansi cha nyumba yopempherera ya a Mormon ku London; chapakati pa zaka za m'ma 1980 zomwezo Nigeria idabweza The Time Meddler ndi The War Machines; mu 1992 zigawo zonse zinayi za The Tomb of the Cybermen, nthano imene okonda seweroli adailira zaka zambiri, zidafika kuchokera ku Hong Kong; ndipo mu 1999 gawo loyamba la The Crusade lidatulukira ku New Zealand. Ngakhale akuluakulu a boma la Australia, amene adali kudula ndi lumo malo oopsa kuti ana asawaone, adathandiza osadziwa, pakuti tizidutswa todulidwato adatisunga m'mabokosi a boma, ndipo mu 1996 tidapezeka tili tokha totsala twa nthano zina zimene thupi lake lonse lidatayika.

Koma amene ayenera ulemu woposa, m'kuona kwanga, ndiwo anyamata ndi atsikana a ku Britain amene Loweruka lililonse madzulo, popeza makina ojambulira zithunzi m'nyumba kudalibe, adali kuika makina ojambulira mawu pafupi ndi kanema, nachonderera a m'nyumba kuti akhale chete, ena mpaka kulumikiza waya m'kati mwa kanema momwemo kuti mawu amveke bwino. Chifukwa cha khama la ana amenewa, amene palibe adawatuma ndipo palibe adawalipira, palibe gawo ngakhale limodzi la seweroli limene mawu ake adasowa. Padalinso wojambula zithunzi wina, John Cura, amene ntchito yake idali kujambula galasi la kanema sewero lili kuulutsidwa ndi kugulitsa tizithunzito kwa okonza masewero. Mawu a ana aja ndiwo adakhala maziko pamene mu 2006 a nyumba ya makatuni ya Cosgrove Hall adajambula ndi manja zigawo ziwiri zosowa za The Invasion, ndipo pamodzi ndi tizithunzi ta Cura adakhalanso maziko pamene mu 2016 The Power of the Daleks, nthano yoyamba ya Troughton, idajambulidwa yonse mwa njira yomweyo.

Kupeza filimu ndi chiyambi chabe cha ntchito. Makaseti a vidiyo atalowa m'nyumba za anthu, BBC idatulutsa Revenge of the Cybermen mu 1983, ndipo kaseti ya nthano yochokera ku Hong Kong ija, itatuluka mu Meyi 1992, idagulidwa kwambiri kotero kuti eni nyumba adazindikira tsopano kuti chimene adali kutaya chidali chuma. Chaka chomwecho kagulu ka amisiri okonda seweroli, kodziwika ndi dzina loti Doctor Who Restoration Team, kadayamba ntchito imene idakula pofika zimbale za DVD mu 1999, zimene zidali kuonetsa poyera chipsera chilichonse chimene kaseti idali kubisa. Filimu imene yazungulira maiko asanu imafika yokandika, yafumbi, yoduka ndi yomatidwamatidwa. Ndipo amisiriwo adali kupenda zithunzi zake chimodzichimodzi, 25 pa sekondi iliyonse, kuchotsa litsiro, kuongola chithunzi chogwedezeka, ndi kutseka mipata ya mawu ndi matepi a ana aja, ntchito imene Mark Ayres adatchuka nayo. Peter Finklestone adakonza njira yotchedwa VidFIRE: popeza tepi imagwira kuyenda kwa munthu ka 50 pa sekondi pamene filimu imagwira ka 25 kokha, theka la kuyendako lidatayika pojambula chithunzi cha chithunzi, ndipo kompyuta, poyerekeza zithunzi ziwiri zoyandikana, imabweza chimene chidali pakati pake, kuti woonera aone monga adaonera a mu 1965.

Nkhani ya utoto ndiyo yozizwitsa koposa, ndipo iyenera kufotokozedwa modekha. Zigawo za Jon Pertwee, wolowa m'malo mwa Troughton, kuyambira 1970, zidaulutsidwa ndi utoto, koma zambiri zidatsala m'mafilimu akuda ndi oyera okha, ogulitsidwa ku maiko amene kanema wautoto adali asanafike. Poyamba amisiri adathandizidwa ndi anthu a ku America amene adajambula seweroli pa makaseti a m'nyumba zawo: makasetiwo adali osaoneka bwino, koma popeza diso la munthu limaona tsatanetsatane wa chinthu mwa kuwala ndi mdima, utoto nkungoulandira mwachisawawa, adatenga kuwala kwa filimu ya ku London nakuphatikiza ndi utoto wa kaseti ya ku America, ndipo The Dæmons idabwerera mwa njira imeneyi mu 1992. Nanga kumene kaseti kudalibe? Mmisiri wina wa BBC, James Insell, adazindikira kuti timadontho tating'onoting'ono tooneka pa mafilimu ena akuda ndi oyera, timene onse adatiyesa chilema, tidali mapazi a utoto: uthenga wa utoto, umene ojambula a masiku aja adayenera kuusefa asanajambule koma kawirikawiri sadausefe, udadindika pa filimu ngati timadontho, ndipo mayalidwe a timadonthoto adali kunena utoto umene udali pa malo alionse. Richard Russell adalemba malangizo a kompyuta owerengera timadonthoto, ndipo gawo lachitatu la Planet of the Daleks lidatuluka lautoto mu 2009. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo loyamba la The Mind of Evil, limene wolijambula adasefa bwino monga mwa lamulo, lidalibe timadontho, ndipo adachita kulipaka utoto ndi manja lisanatuluke mu 2013.

Pali malire amene luso silingadumphe, ndipo pali enanso amene mmisiri wokhulupirika sayenera kudumpha angakhale atakhoza. Tepi ya mizere 625 ilibe tsatanetsatane woposa mizere yakeyo, ndipo n'chifukwa chake nthano yoyamba yakale kutuluka pa Blu-ray, mu 2013, idali Spearhead from Space, imene idajambulidwa yonse pa filimu chifukwa cha sitalaka ya antchito. Sewero la ku America la Star Trek, la 1966 mpaka 1969, lidali ndi mwayi wina, pakuti lidajambulidwa pa filimu ya 35mm ndipo eni ake adasunga. Koma polikonzanso mu 2006 adachotsa zombo ndi maiko zimene amisiri oyamba adaumba ndi manja, naikamo zojambula za kompyuta, ndipo adachita bwino pamene pa zimbale za 2009 adalola woonera kusankha zakale kapena zatsopano. Mu 2023 BBC nayonso idatenga zigawo zisanu ndi ziwiri za nthano yoyamba ya a Dalek, nizifupikitsa kufika mphindi 75, nizipaka utoto umene sizidakhale nawo ndi kale lonse. Sindikana kuti zotere zimakopa ana a lero, ndipo zikhale, malinga choyambacho chili pambali pake. Koma kuchotsa fumbi la paulendo ndi kwina, kusintha nkhope ya mwini ulendo ndi kwinanso. Khoma la matabwa logwedezeka, chilombo chooneka msoko wa chovala, mawu amene Hartnell adapunthwa powanena ndipo padalibe ndalama zobwerezera, zonsezi ndi umboni wa momwe anthu aja adagwirira ntchito m'umphawi wa zipangizo ndi kuchepa kwa nthawi, ndipo wozichita manyazi akumbuke kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Zopezeka zambiri pa nthawi imodzi zidachokera kuno ku Africa. Philip Morris, Mngerezi amene adadzipereka kuyendera nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi za maiko akutali, kutsata njira zimene zitini zija zidadzera, adafika ku Jos, mzinda wa migodi wa pa chitunda chapakati pa Nigeria, ndipo m'chipinda cha nyumba ina yopatsirira kanema adapeza pashelefu zitini za nthano ziwiri za Troughton: The Enemy of the World, m'mene Troughton asewera anthu awiri, mkulu wa chombo uja ndi wolamulira wankhanza wotchedwa Salamander, ndi The Web of Fear, nthano ya zilombo za Yeti m'njanji za pansi pa London. Zigawo zisanu ndi zinayi zimene zidali zisanaonedwe ku Britain kwa zaka zoposa makumi anayi zidatsukidwa, zidakonzedwa, ndipo mu Okutobala 2013, mwezi umodzi seweroli lisanakwanitse zaka 50, zidagulitsidwa pa intaneti kudzera pa iTunes, chiwerengero cha zosowa nichitsika kuchoka pa 106 kufika pa 97. Gawo lachitatu la The Web of Fear, m'mene aonekera koyamba msilikali Lethbridge-Stewart woseweredwa ndi Nicholas Courtney, silidafike ku London, ndipo Morris adanena pambuyo pake kuti adaliona pamodzi ndi zinzake koma lidasowa zitini zisananyamuke. Pamene nthanoyi idatulutsidwanso pa zimbale mu 2021, gawo limenelo lidachita kujambulidwa ndi kompyuta, mawu ake natengedwa pa tepi ya woonera wa mu 1968.