Ndani anatiphunzitsa kuwerenga zaka zathu?

Makolo athu a ku Angónia sankadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo sankaona kuti pali cimene akusowa. Ukamufunsa munthu zaka zake, ankakuyankha ndi nkhani. Wina ankati anabadwa nthawi ya dzombe, lija lofiira limene linasakaza minda m'zaka za m'ma 1930. Wina ankati pa njala ya 1949, pamene anthu a ku Nyasaland ankaoloka malire kudzasuma cimanga kudziko la Apwitikizi, iye anali atayamba kale kuweta mbuzi. Ukulu wa munthu unkaoneka ndi zimene wadutsamo: mtsikana wavinidwa cinamwali, mnyamata walowa kudambwe, wakwatira, wabereka, waitanidwa kukhala nkhoswe, mpaka tsiku lina anthu ayamba kumusiyira mawu omaliza pa maliro.

Ine ndakwanitsa zaka 50 m'caka ca 2025 ndili ku Johannesburg, caka comwenso dziko lathu lakwanitsa zaka 50 za ufulu. Nambala imeneyi yandicititsa kufunsa kumene inacokera, pakuti agogo anga anakalamba bwinobwino popanda iyo.

Woyamba kufunsa msinkhu wathu anali wokhometsa msonkho. Pa 11 Junho 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano limene linadula malire amene tikukhalamowa, ndipo Angoni a kwa Maseko ndi Acewa amene ankakhala nawo anapezeka ena uku, ena uko. Pambuyo pake boma lililonse linayamba kulemba anthu ake. Kumbali yathu, mwamuna wolephera msonkho ankagwidwa cibalo. Agogo anga aamuna ankasimba kuti sipayi sankafunsa caka: ankangokweza mkono wa mnyamata, ndipo akaona tsitsi m'khwapa, basi wakula, dzina lilowe m'buku. Kenako kunabwera kabuku ka *caderneta*, kamene munthu wakuda ankayenda nako, ndipo lamulo lotilekanitsa ndi azungu la *indigenato* linathetsedwa mu 1961. Tsono musadabwe kuti makolo athu sankacita phwando la kukula. Kukula kunali kuonekera kwa sipayi, ndipo mayi wanzeru ankanena kuti mwana wake akadali wamng'ono ngakhale mawu atayamba kale kukhuthala.

Waciwiri anali wansembe. Ku mishoni monga Lifidzi ndi Fonte Boa kunali mabuku a ubatizo, ndipo kwa mabanja ambiri tsiku loyamba kulembedwa ndi inki linali la m'mabuku amenewo. Koma mwana ankatha kubatizidwa akuyenda kale, ndipo tsiku lobadwa linkakhala loganizira. Yang'anani ziphaso za akuluakulu a m'mudzi mwanu muone kuculuka kwa amene akuti anabadwa pa 1 Janeiro. Amayi onsewo sanacire tsiku limodzi ayi. Anali mlembi amene anafuna kudzaza mpata papepala.

Kenako unabwera ulendo. Amuna ambiri a m'cigawo ca Tete ankathawa cibalo kupita ku Southern Rhodesia, kukagwira nchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury. Ena ankangooloka kupita ku Dedza kapena Ntcheu, n'kubwereka dzina la mfumu ya kumeneko, n'kulembetsa Wenela ngati anthu a ku Nyasaland. Amene anabwereka mudzi sakanalephera kubwerekanso zaka. Njira imeneyi inatsekeka mu 1974, ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Cimene ndikufuna muone pa maulendo a makolo athuwa n'cakuti ankapita ali anyamata ndipo ankabwera mphamvu zikadalipo, atanyamula njinga, makina osokera, mwina ndalama za malata. Ukalamba unkawapeza pakhonde pao. Amene sanabwere tinawapatsa dzina lowawa la machona, ndipo zidzukulu zao zikadali ku Mbare ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, zikulankhula Cicewa ca mudzi umene sizinauonepo.

Ife a 1975 mbiri ya dziko imayenda ndi msinkhu wathu. Amayi amati ndinabadwa anthu akukolola, patatsala masabata ocepa kuti mbendera ikwere pa 25 Junho. Ndinali ndi zaka 5 pamene *metical* inalowa m'malo mwa *escudo* mu 1980. Ndinali ndi zaka 11 mu 1986, caka cimene Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, caka comwenso nkhondo inatipitikitsa m'midzi. Ena inu mukukumbukira kuti kuthawa kwathu kunali kwa mtundu wake: pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu umatsata malire, ndipo ambiri tinangooloka msewu n'kukamanga zisakasa kuseli kwa nyumba za azakhali. Anthu a ku Moçambique amene anathawira ku Malawi anaposa 1 miliyoni. Kumeneko zaka zinafunsidwanso, ulendo uno pa mzere wolandira ufa ndi nandolo. Wolemba makhadi anandiyang'ana, anaona kuonda kwanga, n'kundicotsera zaka ziwiri. Conco ndili ndi pepala limene limati ndinabadwa mu 1977. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasainirana mtendere ku Roma pa 4 Outubro 1992, tinabwerera caka cotsatira kukapeza minda itamera mitengo, ine ndili ndi zaka 18 pathupi ndi 16 pakhadi.

Phwando la tsiku lobadwa labwera pomaliza penipeni, ndipo latipeza kudzera mwa ana athu. Anga anabadwira ku Joni, amalankhula Cizulu ndi Cingerezi, Cinyanja amacimva koma amayankha mopotoka. Ndiwo anagula keke ndi makandulo, n'kuitana anzanga a ku Tsangano, a ku Dómuè ndi a ku Lizulu kunyumba kwathu ku Rosettenville. Tinadya nsima ya nkhuku, tinakangana za kumene kumacokera kacewere wabwino, tinaseka mpaka usiku. Sindinama, ndinakondwa. Koma madzulo omwewo amayi anaimba pa WhatsApp, ndipo nditawauza kuti ndakwanitsa 50 anangoti: "Nanga ana a mlongo wako ukuwadziwa mayina onse?" Kwa iwo munthu amene ali malume wa mbumba koma sanakhalepo pa mlandu wa mbumba yake sanakule, kaya makandulo aculuke bwanji.

Funso limeneli lili ndi mano cifukwa akuluakulu kwathu ndi ocepa. Pa nthawi ya ufulu, mwana wobadwa m'dziko lathu ankayembekezeka kukhala zaka 40 ndi pang'ono; lero ndi zaka za m'ma 60. Kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 15. Mwa anthu khumi a kwathu, pafupifupi asanu ndi anayi ndi aang'ono kwa ine. Ku Joni ndine womanga nyumba amene maondo ayamba kukana makwerero, ndipo kapitawo amayang'ana kale anyamata. Kwathu ndine mmodzi wa ocepa amene anaona mudzi nkhondo isanafike, amene angaloze kuti malire a munda wa agogo ankadutsa pa culu citi. Minda ya ku Angónia ndi ya conde, anthu aculuka, ndipo milandu ya malo ikuweruzidwa ife amene tikukumbukira kulibe.

Ndiponso ukalamba wa kunja ulibe mphasa. Ku South Africa boma limapereka ndalama kwa okalamba kuyambira zaka 60, koma kwa nzika, kwa amene ali ndi cilolezo cokhazikika, ndi kwa othawa kwao ovomerezeka. Ambiri a ife timalowa ndi pasipoti ya masiku 30, mwayi umene unayamba mu 2005, ndipo nchito zathu ndi zaganyu zopanda penshoni. Amene tinaliko mu Maio 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, tikudziwa kuti zaka zimene wakhala pamalo sizikupanga kukhala mwini malo. Cimene timasonkha mokhulupirika mwezi ndi mwezi ndi ndalama za bungwe la maliro, kuti thupi lidzayende ulendo wa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Cuchamano, mlatho wa pa Tete, mpaka kumanda a kwathu. Makolo athu ankabwera ndi njinga. Ife tikukonzekera kudzabwera m'bokosi, ndipo ndikaliganizira dzina lija la machona sindiona kuti latitalikira.

Cinthu cimodzi catembenuka. Kale kukula kunkaitana sipayi, lero kungaitane thandizo: INAS ili ndi ndondomeko ya ndalama zothandizira okalamba osauka a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo pamenepo ciphaso cimafunika. Pamene tinkakonzera amayi mapepala, akuluakulu atatu anakhala pansi kufufuza caka cao. Mmodzi anakumbukira kuti pa njala ija, alendo a ku Nyasaland atagona pakhomo pa agogo ndi madengu ao, amayi anali khanda la kumsana. Ndiye kuti anabadwa ca m'ma 1948. Ciphaso cao cakale cimati 1952, pa 1 Janeiro. Tinawafunsa ngati tikasinthitse. Anati zonse ziwiri zapitirira 60, tisataye ndalama ya *chapa* kupita ku Ulónguè.