Mbiri ya Mowa Waukali ndi Ukapolo Wace

Munthu akayenda m'njira za m'Nkolokosa dzuwa lisanafike pamutu, apeza anyamata atakhala kale kuseri kwa nyumba, manja alikunjenjemera, alikudikira kabotolo koyamba. Ambiri angoti, "Zidakwa izo," napitirira. Koma ife tiyambe tafunsa: kodi cinthu cimeneci cinalowa bwanji pakati pathu?

Makolo athu anali nao mowa, sitikana ai. Koma mowa wao unali wa masese, wofulula ndi cimera masiku angapo, ndipo unali ndi nyengo zace: pa dima, pa nsembe, ndi pa kumeta maliro. Akumwa anali akuru, pamaso pa mudzi wonse. Mwana sanali kukhudza cipanda. Mtsuko ukatha, anthu anabwerera ku makasu ao.

Kacasu ndiye mlendo. Dzina lace lomwe licokera ku liu la Cipwitikizi lakuti cachaça. Wotcheza awiritsa gaga ndi shuga zitasasa, nthunzi nidzera m'mpope wozizira, nidontha yoyera ngati madzi. Motero ukali umene unamwazika mu mtsuko wonse usonkhana m'botolo limodzi. M'caka ca 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuletsa malonda a mowa waukali m'cigawo cacikuru ca Afrika, ndipo boma la Nyasaland linaletsanso kacasu. Koma Blantyre atakula, amuna nayamba kulandira ndalama pa mwezi, akazi osowa pogwira m'midzi yozungulira monga Ndirande anatcheza mobisa kuti adyetse ana ao. Pambuyo pace panadza masaceti, timapepala ta mowa waukali tolowa m'thumba la mwana wa sukulu. Zambia anawaletsa mu 2012, Malawi mu 2015. Koma timabotolo totsika mtengo tinatenga malo ao.

Taonani tsono njira ya mbiri iyi: mowa unanka nukula ukali, nucepa mtengo, nusendera pafupi ndi ana. Koma thupi la munthu silinasinthike.

Mowa sudikira kugayidwa monga nsima. Ulowa m'mwazi kudzera m'mimba ndi m'matumbo, nufika ku ubongo m'mphindi zowerengeka. Kumeneko ugonetsa mbali imene iweruza ndi kuletsa. Cifukwa cace woledzera ayamba kutaya manyazi asanataye miyendo. Utulutsanso m'ubongo cinthu cochedwa dopamini, cimene ciuza munthu kuti, "Ici ncabwino, ubwerezenso." Akabwereza masiku ambiri, ubongo uzolowera, ndipo muyeso wa dzana sukwaniranso lero. Potsiriza thupi silikhazikika popanda mowa: atuluka thukuta, anjenjemera, asowa tulo. Pamenepo munthuyo samweranso kukondwa, koma kuthawa zowawa. Umenewu ndiwo ukapolo, ndipo fodya ndi camba zigwira munthu mwa njira yonga yomweyi. M'menemo ciwindi, cimene nchito yace ndiyo kusefa mwazi, cicita zipsera niciuma. Maso asanduka acikasu, mimba nitupa.

Sing'anga wa ku Sweden, Magnus Huss, ndiye analemba m'caka ca 1849 kuti ucidakwa ndi nthenda ya thupi. Ngati ndi nthenda, citonzo sicingaicize. Ndipo dziwani ici, inu muli ndi mbale wotere: munthu amene wamwa kolimba zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi, akhoza kukomoka ndi kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Musamtsekere m'nyumba, mperekezeni ku cipatala, kumene ali nao mankhwala omtsitsa pang'ono pang'ono.

Koma ana amene sanalawe, awa ndiwo tingawapulumutse msanga. Makolo ndi aphunzitsi, auzeni lero comwe mowa ucita m'thupi, pakuti mtsinje wa Tinkanena unathera m'Siizi.