Gasi wa ku Kobe, 1995

M'bandakucha wa pa 17 Januwale 1995 chivomezi chinagwedeza mzinda wa Kobe ku Japan, nichipha anthu oposa 6,000. Kampani ya Osaka Gas inatseka gasi wa nyumba pafupifupi 860,000, ndipo panapita masiku 85 ntchito yokonza isanathe. Fakitale zopangira gasi zinapulumuka. Chimene chinagonja ndi kanthu konyozeka: mfundo zolumikizira mapaipi akale achitsulo pansi pa misewu. Zitaduka, madzi ndi mchenga zinalowamo, amisiri nakumba msewu ndi msewu m'nyengo yozizira.

Mapaipi a pulasitiki, popeza amapindika, anapirira. Chiyambire pamenepo makampani anafulumira kuyala amenewa, nagawa mizinda m'zigawo zing'onozing'ono, kuti chimodzi chikatsekedwa, anthu a m'zigawo zina azipitiriza kuphika.