Cionetsero ca Mafilimu Aafupi ca ku Oberhausen

Oberhausen ndi mzinda wa m'dziko la Germany, m'cigawo ca Ruhr. Pa zaka zimene nkhani ino iyambira, kumeneko kunali migodi ya malasha ndi ng'anjo zosungunulira citsulo, ndipo panalibe munthu woganiza kuti mzinda wautsi wotere udzamveka cifukwa ca mafilimu.

M'caka ca 1954 Bambo Hilmar Hoffmann, mkulu wa sukulu ya anthu acikulire mumzindamo, anayambitsa cionetsero ca mafilimu aafupi. Poyamba colinga cinali kuphunzitsa anthu basi. Koma filimu yaifupi siidya ndalama zambiri, ndiyo imene mnyamata wopanda cuma akhoza kupanga yekha, popanda kampani yomlamula. Motero anyamata otere anayamba kubwera ndi nchito zao zacilendo, zimene eni nyumba za kanema sakadazilandira. Mafilimu a ku Poland ndi maiko ena a kum'mawa analikufikanso, ngakhale kuti masiku amenewo Europe anali wogawika pawiri, ndipo maboma a mbali ziwirizo sanali kukhulupirirana.

Pa 28 February 1962, cionetsero ciri mkati, opanga mafilimu 26 analengeza kalata imene onse anaikapo maina ao. Pakati pao panali Alexander Kluge, Edgar Reitz ndi Peter Schamoni. M'kalatamo ananena kuti kapangidwe kakale ka mafilimu m'dziko lao kafa, ndi kuti iwo afuna ufulu wopanga mafilimu aatali mwa njira yatsopano, osamangidwa ndi zofuna za amalonda. Anali mau olimba ndithu pakamwa pa anthu amene ambiri a iwo anali asanapangepo filimu yaitali ngakhale imodzi, ndipo akulu-akulu a nchitoyi anangowaseka. Koma m'caka ca 1965 kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa Kuratorium junger deutscher Film, lopatsa ndalama za boma kwa opanga filimu yao yoyamba. Caka cotsatira filimu ya Kluge, "Abschied von gestern", inalandira mphoto ku Venice.

Cionetsero cimene cinapatsa anyamatawo malo naco cinayesedwa m'caka ca 1968. Hellmuth Costard anabweretsa filimu yonyoza lamulo latsopano la ndalama zothandizira mafilimu, ndipo munali zithunzi zimene ambiri anaziyesa zolaula. Osankha mafilimu anali ataibvomera kale, koma oyang'anira anaicotsa poopa mlandu. Pamenepo opanga mafilimu ambiri a m'Germany anakwiya, natenga mafilimu ao osalola kuti aonetsedwe.

Bambo Hoffmann anacoka m'caka ca 1970 kukagwira nchito ku Frankfurt. Mgodi wotsiriza wa malasha mu Oberhausen unatsekedwa m'caka ca 1992, koma mafilimu aafupi ocokera ku maiko ambiri akali kuonetsedwa kumeneko caka ndi caka.